Chitsamba Chimene Chimaledzeretsa Mphaka

Lero tikambirana za chitsamba china cha kunja chimene Angerezi amachitcha catnip, ndipo akatswiri a zomera amachitcha Nepeta cataria. Kwao kwenikweni nku Ulaya ndi ku Asia, koma ndi cha mtundu umodzi ndi mpungabwi wathu uja timathamangitsira udzudzu madzulo.

Chitsambachi chinatchuka chifukwa cha amphaka. Mphaka akanunkhiza masamba ake amagubuduzika pansi, kudzikhula ndi kuchucha dovu ngati woledzera, ndipo pakapita mphindi 10 kapena 15 amatsitsimuka. Si onse amene amatero. Pa amphaka atatu alionse, pafupifupi aŵiri ndiwo amaledzera, pakuti khalidweli ndi lakumtundu.

Mphamvu imeneyi ili m'mafuta a m'masamba ndi m'maluŵa. Mafutaŵa amawatcheza ndi nthunzi, monga momwe amatchezera kachasu: nthunzi imanyamula mafuta, imazizira m'mpope, ndipo mafutawo amawapatula ku madzi. M'chaka cha 1941, Samuel McElvain wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America anapatula mankhwala amene ali ochuluka koposa m'mafutamo, otchedwa nepetalactone. Kambeu kake kamodzi kali ndi maatomu 10 a kaboni, 14 a haidrojeni ndi 2 a okosijeni. Mulinso mankhwala ena onunkhira monga caryophyllene, ndipo mtundu wina wa chitsambachi, wonunkhira ngati ndimu, uli ndi citronellol ndi geraniol wambiri. Kuchuluka kwa mankhwalaŵa kumasiyana malinga ndi dothi, nyengo ndi nthaŵi yokolola.

Nanga mafutaŵa amatani akakumana ndi tizilombo toyambitsa matenda? Akatswiri amaŵeta mabakiteriya m'timbale tagalasi, nadonthezerapo mafuta. Apeza kuti amalepheretsa kuswana kwa mabakiteriya ena, monga Staphylococcus aureus, amene amadzetsa zithupsa ndi mafinya pa chilonda. Mafuta otere amaloŵerera m'khungu la kachilomboko nalifooketsa, kotero kuti za m'kati mwake zimatayika. Koma mabakiteriya okhala ndi chikuto chachiŵiri kunja, monga Escherichia coli wa m'matumbo, kaŵirikaŵiri sagonja msanga.

Kafukufukuyu ndi wofunika chifukwa mankhwala ena a kuchipatala ayamba kuchepa mphamvu. Alexander Fleming anatulukira penisilini mu 1928, koma lero mabakiteriya ambiri sakumumvanso. Nchifukwa chake akatswiri abwerera ku zomera kukafuna zida zatsopano. Udzudzu nawo umadana ndi nepetalactone, monga anaonetsera akatswiri a ku Iowa State University mu 2001.

Tsono, abale ndi alongo, imvani chenjezo. Mbale yagalasi si thupi la munthu. Chimene chapha kachilombo m'mbale chikhoza kulephera m'magazi, ndipo mafuta otcheza ndi aukali: akhoza kuotcha khungu, ndipo si akumwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, choncho tiwapatse nthaŵi akatswiri kuti atsirize ntchito yao. Pakali pano, mwana akatupa chilonda kapena akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala. Mukalandira mankhwala, imwani onse monga mwauzidwira, ngakhale mutayamba kupeza bwino, ndipo usiku musaiŵale kugona m'masikito.

Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamaŵa nthaŵi ngati yomweyino.