Za Cizungulire, ndi Momwe Munthu Angadzithandizire Pakhomo



Nkhani ya lero iri ya bvuto limene anthu ambiri alipeputsa, ndilo cizungulire. Cizungulire ciribe bala loonekera, ndipo mwini wace akati afotokoze cimene cimsautsa asowa mau. Angoti dziko liri kuzungulira. Cifukwa cace ena amuyesa waulesi, ena woledzera, ndipo ena athamangira kunena kuti walodzedwa. Koma cizungulire cigwetsa munthu, ndipo kugwa kwa munthu wacikulire si nkhani yaing'ono. Bungwe la World Health Organization, limene liyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, linalengeza m'caka ca 2021 kuti anthu ngati 684,000 amwalira caka ndi caka cifukwa ca kugwa, ndi kuti msinkhu umene ufa koposa ndiwo wa anthu opitirira zaka 60. Nkhalamba ikagwa ndi kuthyoka fupa la m'ciuno, kawiri kawiri sibwereranso kumunda kwace. Ngakhale itapanda kubvulala, itsala ndi mantha, nileka kupita kumtsinje, kumsika ndi kumaliro, nikhala ngati mkaidi m'nyumba yace yomwe.

Anthu ambiri aganiza kuti mankhwala a cizungulire ndiwo kugona pamphasa osagwedeza mutu. Ganizo limeneli liri lolakwa. Cizungulire cocokera m'khutu cicedwa kutha mwa munthu wogona cigonere, koma cicepa mwa munthu woyendetsa maso, mutu ndi thupi mwa dongosolo tsiku ndi tsiku.

Mafuwa atatu a thupi

Mphika ukhazikika pamoto cifukwa ca mafuwa atatu. Momwemonso thupi la munthu liima ndi kuyenda mosadzandira cifukwa ca zinthu zitatu. Coyamba ndico maso, amene auza ubongo kumene kuli nthaka ndi kumene kuli thambo. Caciwiri ndico mitsempha ya m'mapazi, m'miyendo ndi m'khosi, imene imva momwe thupi latsamira ndi momwe nthaka iliri. Cacitatu ciri cobisika m'fupa la mutu, m'kati mweni mweni mwa khutu. M'menemo, ku khutu liri lonse, muli tinjira titatu tokhota ngati uta, todzala ndi timadzi. Munthu akatembenuza mutu, timadzito tiyenda ndi kukankha titsitsi tating'ono ting'ono, ndipo titsitsito titumiza mau ku ubongo kuti mutu watembenukira uku. Pafupi ndi tinjirato pali timatumba tiwiri tokhala ndi timiyala tocepetsetsa, ta mtundu umodzimodzi ndi cigoba ca nkhono. Timiyalato ndito tidziwitsa munthu kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi, ngakhale atatsinzina. Dotolo wa ku Vienna, Robert Bárány, analandira mphotho ya Nobel ya caka ca 1914 cifukwa ca kufufuza kwace pa ziwalo zimenezi.

Mwana ali yense adziwa cimene cicitika akazungulira pabwalo kanthawi ndi kuima mwadzidzidzi. Mapazi anena kuti waima, koma timadzi ta m'khutu tikali kuyenda, ndipo tinena kuti akali kuzungulira. Amithenga akatsutsana motero, ubongo usokonezeka, ndipo cizungulire ndi cimeneco. Ici cifotokozanso cifukwa cimene munthu wa khutu loonongeka adzandira koposa mumdima ndi pamcenga: fuwa limodzi linagumuka kale, ndipo mdima kapena mcenga ucotsa lina.

Kucipatala poyamba

Sikuti cizungulire ciri conse cicokera m'khutu. Malungo, kucepa kwa mwazi kaamba ka njoka za m'mimba kapena likodzo, kusowa madzi m'thupi pa nyengo yotentha kapena pambuyo pa kutsegula m'mimba, njala, ndi nthenda ya shuga, zonsezi zingacititse cizungulire. Mankhwala enanso atero, monga kwinini ndi mapiritsi otsitsa kuthamanga kwa mwazi. Ndipo jekeseni za streptomycin ndi gentamicin nthawi zina ziononga m'kati mwa khutu. Wodwala asaleke mankhwala ace mwa iye yekha, koma akauze dotolo. Masewera olimbitsa thupi sacotsa malungo ndipo saonjeza mwazi. Cifukwa cace munthu asanawayambe, akapimitse kucipatala kuti gwero la bvuto lace lidziwike. Safunsa anadya phula.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo kuti kuce. Ngati pamodzi ndi cizungulire pakamwa pakhotera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wafooka, lilime lalemera kotero kuti mau samveka, munthu aona zinthu ziwiri ziwiri, alephera konse kuima kapena kukhala tsonga, kapena mutu wayamba kuwawa mwadzidzidzi koposa kale lonse, athamangire naye kucipatala nthawi yomweyo, pakuti ingakhale sitiroko, nthenda yopha ziwalo. Acite cimodzimodzi ngati khutu lagontha mwadzidzidzi kapena lituluka mafinya, ngati wodwalayo akomoka, amva kupweteka pacifuwa, atentha thupi ndi kuuma khosi, kapena anamenyedwa kumutu.

Ubongo uphunzira

M'zaka za m'ma 1940, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, madotolo awiri a ku London, Terence Cawthorne ndi F. S. Cooksey, anali kusamalira anthu obvulala kumutu ndi ocitidwa opareshoni ya m'khutu. Iwo anaona kuti odwala amene anayamba msanga kuyendetsa mutu ndi thupi anacira msanga koposa aja anagona osagwedezeka. Motero anakonza masewera amene achedwa ndi maina ao kufikira lero.

Cifukwa cace ndi ici: khutu limodzi likafooka, mau ace asiyana ndi a linzace, ndipo ubongo uyenera kuphunzira kuwayesa mwatsopano ndi kudalira koposa maso ndi mapazi. Koma sungaphunzire popanda kuonetsedwa colakwaco kawiri kawiri, monganso mwana saphunzira masamu pomubisira masamu. Munthu wouma khosi ndi mantha amana ubongo wace phunziro. Momwemonso mapiritsi oletsa cizungulire ndi mseru athandiza pa masiku owerengeka oyamba, koma akamwedwa masabata ambiri acedwetsa kuphunziraku.

Makwerero anai

Pa khwerero loyamba wodwala akhale pansi, atatsamira khoma. Ayendetse maso okha, kumwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere, poyamba mwacifatse, kenaka mofulumirirapo. Atambasule dzanja ndi kuyang'anitsa cala cace pocibweretsa pafupi ndi mphuno ndi pocibweza. Atatero alembe cilembo cacikulu papepala, alipacike pakhoma molingana ndi maso, ndipo apukuse mutu monga munthu wokana, maso osacoka pa cilemboco, kufikira mphindi imodzi. Kenaka agwedeze mutu monga munthu wobvomera. Cilembo cikayamba kuoneka mwacimbuuzi, acepetse liwiro.

Pa khwerero laciwiri akhale pampando wopanda cotsamira. Atukule mapewa ndi kuwazunguza. Aike cikho pansi patsogolo pace, awerame ndi kucitola, aweramuke, acibwezerenso pansi, maso ali pa cikhoco.

Pa khwerero lacitatu aimirire pafupi ndi khoma, munthu wina ali pambali pace. Adzuke pampando ndi kukhalanso, poyamba ali ciyang'anire, pambuyo pace atatsinzina. Aponye ndimu kapena kampira kucokera m'dzanja lina kunka m'linzace, kupyola pamwamba pa maso, naalitsate ndi maso. Akazolowera, adzuke, azungulire kamodzi, ndi kukhalanso.

Pa khwerero lacinai ayende. Adutse pabwalo losesedwa bwino akuyang'ana kumanja ndi kumanzere pa mapazi atatu ali onse. Kenaka ayende akuyang'ana kumwamba ndi pansi. Potsiriza ayesere pamtunda ndi pamtsetse.

Masewerawa acitidwe kawiri kapena katatu pa tsiku, kwa mphindi zowerengeka nthawi iri yonse, ndipo munthu asakwere khwerero lina lisanapepuke limene alipo. Cizungulire cocepa cikadza posewera, asaope, pakuti ndico cizindikiro cakuti ubongo uli pa phunziro. Muyeso wace ndi uwu: cizilala pasanathe mphindi 20 atapumula. Cikapitirira pamenepo, kapena akasanza, ndiye kuti wapyola muyeso, ndipo mawa lace acepetseko. Ena aona kusintha patapita masabata awiri, ena patapita miyezi iwiri kapena itatu.

Timiyala tikasocera

Pali mtundu wina wa cizungulire umene ugwira anthu acikulire kawiri kawiri. Munthu akatembenuka pogona, kapena akakweza mutu kuti atenge kanthu pamwamba, nyumba yonse izungulira mwamphamvu, koma pasanathe mphindi imodzi ileka. Ici cicitika pamene timiyala tija tacoka m'thumba lace ndi kulowa m'kanjira kamodzi mwa titatu tija. Margaret Dix ndi Charles Hallpike a ku London anafotokoza njira yopimira bvutoli m'caka ca 1952, ndipo m'caka ca 1992 dotolo wa ku America, John Epley, analongosola njira yotembenuzira mutu wa wodwala kuti timiyalato tibwerere kwao. Njira ya Epley icita msanga, ndipo ndiyo yoyenera kuipempha kucipatala.

Ya pakhomo inakonzedwa ndi Thomas Brandt ndi Robert Daroff m'caka ca 1980. Wodwala akhale m'mphepete mwa kama, pakati pace, miyendo iri pansi. Atembenuzire mutu kumanzere, theka la mtunda wa pakati pa kutsogolo ndi phewa, ndipo agonere msanga kumbali ya kumanja, mphuno italoza cam'mwamba. Akhale motero masekondi 30, ndiko kuwerenga mosafulumira kucokera pa 1 kufikira 30, kapena kufikira cizungulire citaleka. Adzuke ndi kukhala tsonga masekondi 30 enanso. Tsono atembenuzire mutu kumanja ndi kugonera kumanzere momwemo. Acite kasanu mbali iri yonse, katatu pa tsiku, kwa masabata awiri. Wobvutika khosi kapena msana afunse dotolo asanayese.

Kulimbitsa miyendo

Nkhalamba zambiri zidzandira popanda nthenda ya m'khutu, cifukwa miyendo yafooka. Ku New Zealand, m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a pa Yunivesite ya Otago anakonza masewera a pakhomo a anthu okalamba. Anawayesa pa anthu oposa 1,000 a zaka 65 kufikira 97, ndipo kugwa kunacepa ndi magawo 35 mwa 100. Masewera a mtundu umenewu ali apafupi. Munthu adzuke pampando ndi kukhalanso kakhumi, poyamba atagwira, kenaka osagwira. Atagwira khoma, atukule zidendene ndi kuzitsitsa. Aime cidendene ca phazi lina citakhudza zala za linzace, awerenge kufikira 10, nasinthe mapazi. Aime ndi mwendo umodzi. Ayende cam'mbali ngati nkhanu m'mphepete mwa khoma. Acite izi katatu pa sabata, ndipo pa masiku otsalawo azikayenda m'mudzi.

Zoyenera kusamala

Posewera pakhale kutali ndi moto, mitondo, makasu ndi zingwe za mbuzi. Podzuka m'mawa munthu ayambe wakhala tsonga kanthawi asanaimirire, pakuti kudzuka mwadzidzidzi kucepetsa mwazi wopita kumutu. Usiku nyali kapena toci ikhale pafupi ndi pogona. Amwe madzi okwanira, nalewe mowa. Pa masiku amene cizungulire cikali camphamvu asakwere padenga kapena panjinga, asayendetse galimoto, ndipo asaweramire pacitsime capululu.

Potsiriza pali mau a kwa a pabanja. Pa mwambo wa kuno ana ndi adzukulu alemekeza akulu powauza kuti, "Khalani pansi, agogo, tikucitirani ndife." Cikondi cimeneci ciri cabwino, koma cikapyola muyeso cifooketsa amene cifuna kumsunga, pakuti mwendo wosayenda uonda ndipo ubongo wosayesedwa uiwala. Thandizo lopambana ndilo kuima pambali pa agogo pamene adzuka, kuwawerengera kufikira 30, ndi kuyenda nao kufikira pamtengo wa kubwalo lero, ndi kuupitirira pang'ono mawa. Mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga angathe kucita nchito imeneyi madzulo ali onse. Masiku ena cizungulire cidzaoneka ngati cabwerera, ndipo wodwala adzafuna kuleka. Pamenepo a pabanja amlimbikitse, pakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.