THUPI NDI AMANA: KUYENDA, KUSEWERA NDI KUPEPUTSA MTIMA

Mawu amene adalankhulidwa kwa Asilamu a pa mzikiti wathu pa tsiku la Idi



Tikuthokoza Allah amene watifikitsa pa tsiku lino tili amoyo, titamaliza kusala mwezi wa Ramadhani. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

A Wapampando ndi mamembala a komiti ya mzikiti, ma Sheikh athu, abambo ndi amayi, abale ndi alongo m'Chisilamu, Idi Mubaraka kwa nonse.

Atatipempha akomiti kuti tilankhule lero, ena amayembekezera kuti tikamba za zakaati kapena za kusala masiku asanu ndi limodzi a mwezi wa Shawwal. Zimenezo a Sheikh azikamba kale mu khutuba. Ife tasankha nkhani imene ena aiona ngati yachibwana: kuyenda, kuthamanga ndi kusewera. Tipirireni pang'ono akuluakulu, mwina pomaliza tigwirizana kuti si yachibwana ayi.

KATUNDU AMENE TASENZA

Lero tonse tatchena. Abambo makanzu oyera, amayi mipango yatsopano, ana nsapato zonyezimira. Koma akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakati pathu pompano pali bambo amene sadagone usiku wathawu poganiza za ngongole imene watenga kuti ana adye mpunga ndi nyama lero. Pali mayi amene amuna awo adapita ku Joni, ndipo miyezi yadutsa foni osalira. Pali mnyamata amene satifiketi yake ya Fomu 4 ikungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Ena adataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ambiri mpamba wa geni udasungunuka m'manja.

Nkhawa sichizindikiro cha kuchepa kwa imani. Mtumiki (S.A.W.) mwiniwake adataya mkazi wake Khadija (R.A.) ndi Abu Talib amene adamulera m'chaka chimodzi, ndipo olemba mbiri amachitcha chaka chimenecho Chaka cha Chisoni. Mankhwala oyamba a mtima wolemedwa ndi swala, dua, zikiri ndi kuyedzamira kwa Allah. Pamenepo sitikuchotsapo kanthu. Koma Allah yemweyo adaika mankhwala ena m'miyendo yathuyi, aulere, ndipo ambiri a ife sitikuwagwiritsa ntchito.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'THUPI

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono. Munthu akachita mantha kapena akada nkhawa, ubongo umatumiza uthenga, ndipo tiziwalo timeneti timatulutsira m'magazi michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol. Pamenepo mtima umagunda msanga, mpweya umakhala wa phuma, minofu imakungika, ndipo shuga amachuluka m'magazi. Chimenechi ndi chifundo cha Mlengi: adatikonzera kuti tikakumana ndi ng'ona padooko kapena galu wachiwewe panjira, tikhale ndi mphamvu yothawira. Munthu akathawa n'kupulumuka, mphamvu ija yagwira ntchito yake, thupi limabwerera m'malo mwake.

Nanga ngongole mungaithawe ndi miyendo? Fizi ya ana mungaithawe? Thupi limakonzekera liwiro m'mawa, masana ndi usiku, mwini thupi ali khale pa benchi. Zotsatira zake timazidziwa tonse: mutu kuwawa, khosi ndi mapewa kuuma, tulo kusowa, kuiwalaiwala, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Zikapitirira kwa zaka, zimathandizira ku matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima. Ndipo tinene zoona abambo, mkwiyo umene taudzera nawo kumsika umakathera pa mkazi ndi ana amene sadalakwe kanthu.

Tsono munthu akayenda mwandawala kwa theka la ola, minofu imatentha shuga uja ndipo imamasuka. Ubongo umatulutsa michere ina, monga ma endorphin, imene imachepetsa ululu ndi kubweretsa mpumulo mumtima. Maganizo amene amangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo amapeza poyang'ana pena. Usiku thupi lotopa bwino limagona, ndipo munthu wogona tulo tokwanira amadzuka ndi mtima wodekha. N'chifukwa chake madokotala m'maiko ambiri amalangiza masewera olimbitsa thupi ngati gawo la chithandizo kwa anthu odwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amene sadafike povuta kwambiri.

Ife a ku madrasa timaziona ndi maso. Ana amafika kwa ife masana atakhala kale pa desiki m'mawa wonse kusukulu. Tikawalowetsa m'kalasi nthawi yomweyo, kumakhala kutsinana, kulira ndi kusinza. Tikawalola kuthamanga pabwalo kwa mphindi khumi, n'kuchita udhu, sura imene imakanika dzulo imalowa. Kale tinkaganiza kuti yankho ndi kukalipa. Tidalakwitsa.

CHITSANZO CHA MTUMIKI (S.A.W.)

Ena anena kuti izi ndi nzeru za Azungu. Tiyeni tione m'mabuku athu.

M'buku la Hadisi la Abu Dawud muli nkhani yoti Mtumiki (S.A.W.) adachita mpikisano wa liwiro ndi mkazi wake Aisha (R.A.) ali paulendo, ndipo Aisha adapambana. Patapita zaka, Aisha atanenepako, adapikisananso, Mtumiki n'kupambana, ndipo adamukumbutsa za tsiku loyamba lija mwanthabwala. Taganizani abambo, mtsogoleri wa Umma wonse, wosenza mavuto a anthu onse, kupeza nthawi yothamanga ndi mkazi wake.

M'buku la Bukhari timawerenga kuti pa tsiku la Idi ngati lino, anthu a ku Habasha, dziko limene lero timalitcha Ethiopia, ankasewera ndi mikondo ndi zishango mu mzikiti wa ku Madina. Mtumiki (S.A.W.) sadawathamangitse, koma adaimirira kuti Aisha aonerere ali kumbuyo kwake mpaka atakhutira. M'buku lomwelo akutiuza kuti Loweruka lililonse ankapita ku mzikiti wa Quba, nthawi zina atakwera, nthawi zina wapansi, mtunda wopitirira makilomita atatu. Ndipo m'buku la Muslim, a fuko la Banu Salima atafuna kusamukira pafupi ndi mzikiti, adawalangiza kuti akhale komwe adali, chifukwa mapazi awo popita ku swala amalembedwa.

Tikumbukenso Abu Darda (R.A.), amene ankasala usana ndi kuswali usiku mpaka kuiwala za thupi lake ndi za mkazi wake. Mnzake Salman (R.A.) adamudzudzula kuti Mbuye wake, iye mwini ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo limene ayenera kupatsidwa, ndipo Mtumiki (S.A.W.) adavomereza mawu a Salman. Thupi ndi amana, chinthu chimene tasungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa m'mene tidalisamalira.

Pano tichenjezane. Swala zisanu za tsiku zili ndi maraka 17 a faradhi ndi sijida 34, ndipo ndi zoona kuti kuwerama ndi kugwada kumafewetsa mfundo za thupi. Koma swala ndi ibada, sitiswali kuti tichepetse mimba, ndipo swala payokha siithamangitsa mtima mokwanira monga thupi limafunira. Chimene tingachite ndi kupita ku swalako wapansi. Mwezi wathawu ambiri tayenda usiku uliwonse kupita ku Tarawehe, tikucheza panjira, ndipo mitima yathu idali yopepuka. Funso ndi lakuti, kodi mawa tibwerera pa benchi paja?

MUYESO WAKE

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo mu 2020. Munthu wamkulu azichita masewera otenthetsa thupi pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga mphindi 60 pa tsiku. Mu 2024 bungweli lidalengeza kuti mu 2022 anthu akuluakulu 31 mwa 100 alionse pa dziko lapansi sankafika pa muyeso umenewu.

Mphindi 150 zisatiopse. Ndi theka la ola kwa masiku asanu basi, ndipo mukhoza kuligawa: mphindi 15 popita ku swala ya m'bandakucha, mphindi 15 pobwerera. Liwiro loyenera mulidziwa motere: mukuyenda, mukutha kulankhula ndi mnzanu, koma simungathe kuimba kasida. Osazolowera ayambe ndi mphindi khumi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tikudziwa kuti ena akung'ung'udza: ife timalima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, timasenza ndowa kuchokera kumjigo, timapalasa kabaza tsiku lonse, tikathamangenso? Ayi, inu thupi lanu likuyenda kale, ndipo limafunanso kupuma. Komabe ofufuza adapeza kuti ntchito yolemetsa ya tsiku ndi tsiku siipeputsa maganizo monga m'mene amachitira masewera a nthawi yopuma. Munthu akhoza kulima mzere wonse mtima uli pa mtengo wa feteleza. Inu chimene mukusowa ndi kuseka ndi anzanu, kuyenda kopanda katundu pamutu, kugenda mpira ndi adzukulu. Koma atelala, a m'magolosale, oyendetsa minibasi, a m'maofesi ndi ife aphunzitsi, nkhaniyi ndi yathu yonse. Ndipo akuluakulu a pansi pa mtengo paja, pepani, bawo imalimbitsa nzeru ndi chala chimodzi, koma sitiiwerengera.

PEMPHO LATHU

Kwa abambo: pezani mnzanu mmodzi woyenda naye pambuyo pa swala ya m'bandakucha kapena ya Asri. Amuna sitidziwa kuulula mavuto titakhala maso ndi maso, koma poyenda phewa ndi phewa pakamwa pamatseguka pokha. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa amayi ndi alongo athu: hijabu siletsa kuyenda. Yendani awiriawiri kapena atatuatatu, kapena sonkhanani mumpanda mwa mmodzi wa inu, mulumphe chingwe, musewere ntchemberembaye. Amene mudasewerapo fulaye muli atsikana, manja sadaiwale. Abambo, mayi akatuluka kwa theka la ola, tsalani ndi ana, si manyazi.

Kwa achinyamata: foni ikusenzetsani maganizo a dziko lonse mutagona chagada. Pitani ku mpira, valani moyenera, adhana ikamveka imitsani masewera, ndipo musalole kuti mpira usanduke juga kapena ndewu.

Kwa komiti yathu: tikupempha kuti bwalo la kuseri kwa madrasa lilambulidwe, pagulidwe mipira iwiri, ndipo atsikana akhale ndi tsiku lawo pa sabata.

Amene muli ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amayi oyembekezera ndi agogo athu, yambani mwafunsa kuchipatala. Mukamva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani, ndipo mukaonane ndi dokotala.

Chomaliza ndi cholemera kuposa zonse. Kuyenda sikubweza ngongole, ndiponso sikuchiza matenda onse a maganizo. Ngati m'bale wathu wakhala masabata awiri kapena kuposa ali wachisoni, osafuna kudya, osagona, osasangalala ndi chilichonse, kapena wayamba kunena kuti bola kufa, tisamuuze kuti akathamange basi, ndipo tisamunene kuti alibe imani. Tikhale naye, timumvetsere, timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Ku zipatala za m'maboma kuli ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa, kuphatikizapo cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Amuna amenewo adali ndi anansi, ena adali ndi anzawo oima nawo pa safu imodzi. Tisadzanene kuti sitidadziwe.

Abale ndi alongo, Mtumiki (S.A.W.) pa tsiku la Idi ankapita ku swala podzera njira ina n'kubwerera podzera ina. Tiyeni tiyambire pomwepo lero. Pobwerera kunyumba dzerani njira yaitaliyo, mulonjere amene simudawaone mwezi wonse. Madzulo ano, mukatha kudya mpunga uja, tengani banja lanu mukazonde achibale wapansi, makamaka amene mukudziwa kuti lero ali okha.

Tikupempha Allah alandire kusala kwathu ndi kuima kwathu kwa usiku, achize odwala athu, apeputse mitima yolemedwa, awachitire chifundo amene adatitsogolera, ndipo atipatse matupi athanzi omugwadira Iye yekha. Zabwino zimene tanena zachokera kwa Allah, zolakwika ndi zathu, mutikhululukire.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuhu.