Kugulitsa Malonda Athu pa Lamya

Lero tifuna tikambirane za lamya ili m'thumba mwanu, ndi m'mene ingathandizire malonda anu ang'onoang'ono.

Tonse tikumbukira cilala ca mu 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, pakuti cimanga cinauma m'minda yambiri. M'midzi imene tinayendamo tinaona kuti mabanja amene anali ndi mbuzi, nkhuku, ndiwo za kudimba kapena mphasa zogulitsa anapezako ufa. Koma ambiri anagulitsa mochipa, cifukwa wogula anali mmodzi yekha, uja wofika pakhomo ndi sikelo yake. Wogula akakhala mmodzi, mtengo auchula ndi iye. WhatsApp ndi Facebook zithandiza pamenepa, pakuti anthu a ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ngakhale ku Lusaka angaone katundu wanu inu muli pamudzi.

Coyamba ndico cithunzi. Jambulani masana, panja, katundu ali pa mphasa yoyera. Jambulani nshawa zomwezo zimene mudzatumiza, osati za mnansi wanu zooneka bwino. Pansi pa cithunzi lembani mtengo, muyeso wake, kaya ndi meda, tini kapena thumba la makilogramu 50, ndi malo amene muli. Wogula akanamizidwa kamodzi sabweranso, ndipo auzako anzake.

Caciwiri, dziwani koika cithunzico. Cimene mwaika pa Status ya WhatsApp cikhala maola 24 okha, ndipo aciona ndi anthu amene muli ndi nambala yao, iwonso ali ndi yanu. Conco aliyense wogula kwa inu mumpemphe kuti musungirane nambala. Pa Facebook pali magulu ogula ndi kugulitsa a m'matauni athu, lowanimo. Palinso WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018. Ndi yaulere, ndipo mungandandalikemo katundu wanu yense ndi mitengo yake. Koma tisadzaze malonda m'magulu a maliro kapena a msonkhano wa makolo kusukulu. Kutero kutopetsa anthu.

Cacitatu, yankhani msanga. Munthu wofuna nkhuku ya Loweruka sayembekeza mpaka Lolemba. Ngati kulemba kukuvutani, tumizani mau a pakamwa. Lamya izikhala ndi moto. Kasola kakang'ono kakwanira kuichaja.

Cacinai ndico ca ndalama, ndipo apa tichere khutu. Walira mvula walira matope: lamya yomweyo yobweretsa ogula ibweretsanso akuba. Wina atumiza uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena MTN MoMo, wonena kuti walipira. Musakhulupirire uthengawo, ngakhale cithunzi ca risiti. Yambani mwaona nokha ndalama zili mu akaunti yanu, ndiye mukweze katundu pa basi. Wina aimba nati, ndatumiza ndalama kwa inu molakwa, ndibwezereni. Onani akaunti poyamba. PIN yanu musauze munthu, ngakhale anene kuti agwira nchito ku kampani ya lamya. Cimodzimodzi manambala 6 aja amene WhatsApp itumiza kwa inu: mukawapereka, wakuba alanda WhatsApp yanu nayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Cacisanu, werengerani zonse. Mabandulo agulidwa, basi ilipiridwa, potapa ndalama kwa ajenti adulako, ndipo kuyambira mu January 2024 boma linaika msonkho pa ndalama zotumizirana pa lamya. Zonsezi zilowe mu mtengo wanu. Khalani ndi kabuku kolembamo zolowa ndi zoturuka, kuti mudziwe ngati muli kupindula. Ogulitsa mbuzi, nkhumba kapena ng'ombe kutali, kumbukirani kuti ziweto siziyenda popanda cilolezo ca a vetenale.

Tidziwa kuti ena mwa ife alibe lamya ya intaneti. Musataye mtima, mutu umodzi susenza denga. Pa gulu lanu sankhani munthu mmodzi wokhulupirika wosunga lamya, ndi wina wosunga buku. Sonkhanitsani katundu pamodzi, pakuti wogula wa ku Soweto Market sangatumize galimoto cifukwa ca thumba limodzi, koma matumba ambiri angawatsate. Pa msonkhano uliwonse buku liziwerengedwa pamaso pa onse, ndi mauthenga a ndalama azionetsedwa, kuti pasakhale kunong'onezana.

Tsono nayi nchito ya sabata ino. Aliyense asankhe cinthu cimodzi cimene agulitsa, acijambule, alembe mtengo, aciike pa Status. Tikadzakumananso mudzatiuze anthu angati anafunsa ndi angati anagula, ndipo pamene panavuta tidzathandizana.