Ekala si hekitala

Tisanalowe m'munda wathu wachitsanzo lero, tiyambe takambirana za miyeso. Ambirife minda yathu timaiwerengera m'maekala, koma malangizo a pa paketi ya mbewu ndi pa botolo la mankhwala kawirikawiri amanena za hekitala. Tikasokoneza ziwirizi timataya ndalama ndi zokolola zomwe.

Hekitala ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Ekala ndi yochepa, pafupifupi mamita 64 m'litali ndi 64 m'lifupi. Choncho mu hekitala imodzi mumalowa maekala awiri ndi theka.

Njira yosavuta ndi iyi: mulingo wa pa hekitala muziugawa pasanu n'kutengapo magawo awiri. Umenewo ndiwo mulingo wa pa ekala. Mbewu ya chimanga imafunika makilogalamu 25 pa hekitala, ndiye kuti pa ekala ndi makilogalamu 10. Ngati botolo la mankhwala opha udzu lalemba malita 5 pa hekitala, pa ekala mupopere malita 2. Mukathira onse asanu pa ekala imodzi, mwaononga malita atatu, ndipo mbewu zanu zikhoza kupserera.

Chisokonezo china chili pa tepi yoyezera. Matepi ambiri mbali ina amakhala ndi mainchi, mbali ina masentimita, ndipo inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka. Malangizo a chimanga ndi akuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mukatero pa hekitala pamamera chimanga pafupifupi 53,000. Koma mukawerenga mbali ya mainchi poyeza mapando, atalikirana masentimita oposa 60, ndipo chimanga chitsika kufika pafupifupi 21,000. Munda womwewo, thukuta lomwelo, koma nkhokwe yosadzaza.

Akuluakulu amene munazolowera mizere ya mafiti atatu, dziwani kuti amenewo ndi masentimita 90. Mizere ya masentimita 75 ndi mafiti awiri ndi theka.

Tsopano tigawane m'magulu. Gulu lililonse lidule ndodo ziwiri, ina ya masentimita 75, ina ya 25, poyeza ndi tepi yomwe ndabweretsayi. Kenako tiyeza munda wathuwu ndi chingwe kuti tidziwe kukula kwake kwenikweni. Mukabwerera kunyumba mukayezenso minda yanu musanagule zipangizo. Ndipo wogulitsa akakuuzani mulingo, mufunseni kuti, "Umenewu ndi wa pa ekala kapena wa pa hekitala?"

Tiyeni kumunda.