Kadzidzi, Kaufiti ndi Muzu wa Soya

  Ndikudziwa kuti February ndi mwezi wowawa, ambiri mwabwera musanaike kanthu kukamwa, choncho sindikukhazikani mpaka dzuwa lipendeke. Ena mutamva kuti alangizi akubwera munati mwina kuli nkhani ya makuponi. Lero ayi. Zimene ndabwera nazo zili m'jumbomu, ndipo ndazitola m'mudzi mwanu momwemuno.

Choyamba ndi soya uyu. Ndamukumba m'mawa uno kumunda wachitsanzo, ndi khasu, chifukwa mukangozula ndi manja zimene ndikufuna muonezi zimatsalira m'dothi. Mayi muli kutsogolo inu, landirani muone kumizuko. Mukutiona timibulu tonga mikandato? Thotholani kamodzi mukatswanye ndi chikhadabo. Mkatimo mukuoneka bwanji? Kwezani mawu amve akumbuyo. Mofiirira ngati nyama yaiwisi, eti? Yendetsani, aliyense agwireko.

Chaka chatha bambo wina anandiitana ali ndi nkhawa, akuti soya wawo wagwidwa matenda a mizu onga a tomato, ndipo anatsala pang'ono kuzula munda wonse. Kusiyana kwake n'kosavuta. Ku tomato ndi fodya umatupa ndi muzu weniweniwo, simungachotse chotupacho osadula muzu. Izi zimathothoka mukangozikhudza. M'kambulu kamodzi mukukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, tochuluka kuposa anthu tonse a kuno ku Dedza. Ntchito yawo ndi kutenga chakudya cha mbewu chotchedwa nayitrojeni kuchokera mumpweya. Nayitrojeni ameneyu ndi amene mumagula m'thumba la Urea: m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a iyeyu. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni yemweyo, koma chimanga sichingamutenge chokha. Tizilomboti timatha. Soya amatipatsa pogona ndi shuga wopangidwa m'masamba ake, ito timabweza ndi chakudya. Mukatswanya kambulu n'kupeza koyera kapena kobiriwira mkati, dziwani kuti ntchito sikugwiridwa. N'chifukwa chake timakuuzani kuti ufa wakuda timapaka ku mbewu ya soya uja, inokulanti, musamausiye padzuwa. Si feteleza, ndi zamoyo. Mtedza, nandolo, khobwe ndi nyemba nazo zili ndi timibulu tawo.

Tsopano tipite ku minda ya kumtunda ija yachita psuu ndi maluwa a kaufiti. Makolo sanalakwe kumutcha dzina limeneli, chifukwa chimanga chimapinimbira n'kumafota ngati kuli ng'amba, chikhalirecho mvula ikugwa ndipo pamzere sipakuoneka kanthu. Ufiti wake ndi uwu. Kaufiti mmodzi amabala njere zoposa 50,000, zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zopitirira 10 osamera. Zimadikira chimanga. Mizu ya chimanga imatulutsa timadzi tina m'dothi, njere ija ikamva timadzito imadzuka, n'kumata pamuzu, n'kuyamba kuyamwa. Pamene inu mukuona kaufiti akutuluka panja, wakhala akuyamwa kwa masabata angapo ali pansi.

Chimanga chanjala ndi chimene chimatulutsa timadzito kwambiri. Mwaona kuti pachulu kapena pamene panali khola kaufiti sachita mphamvu? Akamachuluka, akukuuzani kuti nthaka yaguga. Ndiye apa soya uja abwereranso. Mizu ya soya, mtedza ndi thonje nayonso imadzutsa njere za kaufiti, koma zikamera sizipeza pogwira, zimafa. Kasinthasintha amene timakulalikirani chaka ndi chakayu ntchito yake ina ndi imeneyo: kunamiza kaufiti kuti amere pamene palibe chakudya chake. Amene waoneka kale, zulani asanachite maluwa. Ngati wayamba kale maluwa musamusiye mumkwasa, mutulutseni m'munda mukamutenthere m'dzenje, apo ayi mwadzala nokha mavuto a zaka khumi.

Tacheukani muone msangu uli m'munda mwa amfumu uwo. Mlendo angati mtengowo unauma. Mitengo ina yonse yavala masamba, iwo uli mbee. Inu a kuno ku Mtakataka mpaka ku Golomoti simufunika kuuzidwa kuti chimanga cha pansi pa msangu chimakhala chobiriwira kuposa cha pambali. Umayoyola masamba mvula ikamayamba, masambawo amasanduka manyowa, ndipo chimanga chimapeza dzuwa lonse. Mvula ikatha umavalanso, ndipo kukatentha mu October ng'ombe ndi mbuzi zimakausa pamthunzi pake, kudya zipatso zake, n'kusiya ndowe pomwepo. Njere ya msangu ndi yolimba chikopa. Ikadutsa m'mimba mwa mbuzi imafewa, n'kukamera kumene mbuziyo yaitaya. Timisangu timene mumatisadza polima tija anakudzalirani ndi mbuzi zanu. Mukakapeza kakumera, zikanipo kamtengo kuti khasu likalambalale.

Nkhani ya mbozi ndiikhalira pang'ono, chifukwa inatipweteka tonse. Mbozi zodya chimangazi kwawo ndi ku America. Mu Africa zinaoneka mu 2016, kuno zinafika m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, ndipo mu December 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 agwa m'ngozi chifukwa cha izo. Mukuzidziwa: pamutu pali chizindikiro chonga Y wozondoka, chakumchira kuli madontho anayi, ndipo m'nsonga ya chimanga zimasiya zonga utuchi. Chaka chimenecho tonse tinathamangira mankhwala, inenso ndinali mmodzi wa olimbikitsa. Anthu ankapopa chilichonse chimene apeza pamsika, ena opanda nsapato, ena kusakaniza ndi manja. Mbozi zinkachepa sabata imodzi, kenako n'kubwereranso.

Tsiku lina ndikudutsa, ndinaima pamunda wa agogo ena amene analibe ndalama ya mankhwala. Munda wawo unali wosakaniza, chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe, ndipo pansi panali zinyalala za chaka chatha. Mbozi zinalimo, koma chimanga chinali bwino kuposa cha munda waukulu woseseka umene unali pafupi. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinagwada n'kukhala chete ndikuyang'ana phando limodzi. Nyerere zinali kukwera, kulowa m'nsonga, n'kumatuluka zitanyamula timbozi tating'ono. Mavu ankatera, kugwira mbozi, n'kuuluka nayo. Ndinadzuka pamenepo ndikudziwa kuti mankhwala amene tinkapopa mosasamala aja ankapha alonda a munda limodzi ndi akuba. Gulugufe woikira mazira a mbozi amachokera kutali, amabwerera msanga. Alonda amachedwa kubwerera.

Ena mwa inu mumathira msuzi wa usipa kapena bonya m'nsonga za chimanga, mwina ndi tishuga pang'ono. Anzanu amakusekani, koma ine sindiseka. Msuziwo supha mbozi, umaitana nyerere, nyererezo ndi zimene zimagwira ntchito. Mchenga kapena dothi m'nsonga nazonso zimathandiza. Mazira ake amakhala pamasamba m'magulu, oposa 100 pamalo amodzi, okutidwa ndi taubweya totuwa. Mukawaphwanya ndi chala mwapha mbozi zana musanawononge tambala. Sindikunena kuti mankhwala ndi osafunika. Ndikunena kuti tiyambe taona. Kawiri pa sabata lowani m'munda, imani malo asanu otalikirana, pamalo alionse onani mapando 10. Ngati mwa 50 amenewo ogwidwa akwana 10 chimanga chikadali chaching'ono, bwerani tikambirane za mankhwala oyenera ndi muyezo wake. Ndipo kupopa kuzichitika madzulo. Mbozi zimatuluka kudzadya kukamada, komanso nthawi imeneyo njuchi zimakhala zitapita. Duwa lachikazi la dzungu, lija limakhala ndi kadzungu kumunsi, limatsegula m'mawa umodzi wokha. Njuchi ikapanda kulipeza itanyamula ufa wa duwa lachimuna, kadzunguko kamafota n'kugwa, inu n'kumati maungu akana chaka chino.

Chachiwiri m'jumbomu ndi ichi. Musathawe amayi, sichiluma. Ndachitola pansi pa mkuyu wa kumanda akale uja, pamene pamagona kadzidzi. Kadzidzi amameza chakudya chake chathunthu, kenako amalavula zimene sizigayika zili chibulu chotere. Bambo, gwirani kamtengo aka mutakase. Ubweya uwo. Tifupa ito. Aka ndi kachigaza, mano achikasu awiri akutsogolowo mukuwaona? Ndi ka mbewa. Sindinabwere kudzatsutsana ndi zimene agogo athu anatiuza za kulira kwa mbalame imeneyi, nkhani imeneyo ili ndi eni ake. Ndabwera kudzakuonetsani chimene imadya. Usiku uliwonse kadzidzi amagwira mbewa ndi makoswe angapo, ndipo akakhala ndi ana amagwira ochuluka kuposa pamenepo. Makoswe amenewo ndi omwe amafukula mbewu mwangodzala kumene, omwe amaboola matumba m'nyumba. Anyamata akamugenda ndi legeni n'kumupha, amene amasangalala ndi khoswe.

Anyamata omwewo mu August amayatsa moto m'minda posaka mbewa. Ndiwo zake ndi zabwino, palibe akukana, koma taonani chimene chimapsa. Mapesi amene akanaphimba nthaka amatha. Timisangu timapsa. Chiswe chimene chikanadya mapesiwo, n'kumaboola timauna tolowera madzi a mvula, chimatsala ndi njala, ndiye chimadikira chimanga chanu chikakhwima n'kuchigwetsa. M'munda wophimbira chiswe chimatanganidwa ndi zinyalala. Pitani mukafukule pansi pa mapesi kumunda wachitsanzo, mukapeza dothi lozizira, lonyowa, muli nyongolotsi. Mukafukule pamene panapsa, khasu likalira.

Amayi a kuno mumadziwa bowa kundiposa ine, ndiye mundikonze ndikalakwitsa. Utale mumaupeza pafupi ndi chulu, si choncho? Chifukwa chake n'chakuti chiswe chimalima bowa ameneyu m'kati mwa chulu kuti chizidya. Amene mumazula inu ndi amene watulukira kunja mvula itagwa. Chulu chomwecho chimakupatsani ngumbi, ndi dothi limene ena mumamwaza m'munda. Nanga ndelema? Ndani pano anazulapo ndelema pansi pa malaina? Palibe. Ndelema amamera pamene pali mombo, tsamba ndi misuku, chifukwa timizu take toyera tonga ulusi timalukana ndi mizu ya mitengo imeneyi. Bowa amathandiza mtengo kupeza madzi ndi chakudya m'dothi losauka la m'phiri, mtengo umamupatsa shuga, monga zija taona ku soya. Mtengo ukagwa n'kulowa mu uvuni wa makala, bowa wa pamalopo amatha nawo. Agogo, kale munkayenda mtunda wotani kuti mudzaze dengu? Nanga lero? Mwamva nokha: kale kuseri kwa mudzi, lero mpaka kulowa m'kati mwenimweni mwa nkhalango ya Mua-Livulezi. Wootcha makala ndi mwana wathu, ndipo njala imene imamutuma tonse tikuidziwa. Koma thumba la makala amagulitsa kamodzi, pomwe mtengo umenewo unkapereka ndiwo ndi ndalama ya sopo mvula iliyonse. Mwayi wake ndi woti mombo ukadulidwa chitsa chimaphukira. Tikasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuziteteza ku moto ndi mbuzi, mtengo umabwerera msanga kuposa mbande ya ku nazale, chifukwa mizu ilipo kale.

Amene mumapita kunyanja, mawu amodzi. Ku Chembe, ku Mangochi, akatswiri anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, ndipo matendawo anakula pakati pa ana osamba m'nyanja. Neti ya udzudzu ikhale pamphasa pogona ana, isalowe m'madzi.

A Gulupu ndi mafumu, pempho langa kwa inu ndi la malamulo a m'mudzi. Mukakhala pansi ndi nduna zanu, ikanipo mawu pa moto wa m'minda ndi pa kudula misangu, chilimwe chisanafike. Ine ndingaphunzitse, koma mawu amene anyamata amamva ndi anu.

Enanu tikumane Lachiwiri likubwerali, 6 koloko m'mawa, kumunda wachitsanzo, mame asanaume. Aliyense abwere ndi khasu, ndipo akumbe mtedza, soya kapena nandolo mmodzi wa m'munda mwake abwere naye ndi dothi lake, tidzatswanye timibulu tione ngati tikugwira ntchito. Amene m'munda mwanu muli kaufiti, musadikire Lachiwiri, kayambeni kuzula madzulo ano. Ana asukulu abwere nawo, maso awo ndi akuthwa kuposa athu, adzatithandiza kupeza mazira a mbozi. Soya uja ali kwa ndani? Musungeni, mukaonetse amene sanabwere.