Poitana Makolo Kukacheza ku Britain



Ena mwa inu mumagwira ntchito ku Britain, ndipo mukufuna makolo anu opuma pantchito akaone adzukulu. Pamene pamavuta ndi pa umboni wa ndalama.

Boma la Britain silitchula kuchuluka kwa ndalama zofunika pa viza ya alendo, ija ya miyezi 6. Limafuna kudziwa kumene ndalamazo zachokera. Tsono chonde musathire ndalama zambiri mwadzidzidzi m'buku lakubanki la bambo anu. Zikasiyana ndi penshoni yawo, a viza amakayika, n'kukana. Penshoniyo ioneke mmene ilili, ngakhale ichepe.

Inuyo lembani kalata yolonjeza kulipira ndege, chakudya ndi pogona, muphatikizepo mapepala a malipiro anu ndi akubanki. Akuluwo aonetsenso za nyumba kapena munda zimene adzabwerere kuno kumudzi.