Za Kusunga Makasu

Inu eni minda a ku Mzuzu, mverani. Khasu silitha ndi kulima kokha ai. Litha ndi dzimbiri, pakuti kuno mvula icedwa kuleka. Mukaweruka ku munda palani dothi lonse, nimupacike khasulo m'nyumba, lisagone pansi pamene ciswe cidya mpini.

Mpini ukagwedera musaumange ndi luzi. Semani wina wa mtengo wouma, monga muwanga, muoce msuka pamoto, nimuboole nao. Mtengo wauwisi ukauma ufota, ndipo khasu liguluka pakati pa nchito.

Msuka ukathyoka musalitaye khasulo. Mukani nalo kwa wosula, aulumikize. Aphoka a ku mapiri a Rumphi anasula makasu ndi citsulo ca m'ng'anjo zao Azungu asanafike.